Septic tank musamadikire kuti inunkhe kaye

Ambiri tikamanga nyumba ya self contained septic tank ija timangoivundikira n'kuiiwala, mpaka tsiku lina toilet yakana kufulasha, madzi akubwerera m'bafa, ndiye kumayamba kusaka pulambala. Pofika apo nthawi zambiri soak away, dzenje la miyala lolandira madzi ochokera m'thanki, imakhala itatsekeka kale, ndipo kukumba ina kumadya ndalama zambiri kuposa kupopetsa.

Thanki ija imakhala ndi zipinda ziwiri, choyamba chachikulupo. Zolemera zimamira pansi n'kusanduka matope akuda, mafuta amayandama n'kuuma pamwamba, madzi apakatiwo ndi amene amadutsa kuchipinda chachiwiri kenako ku soak away komwe amalowa m'nthaka. Mkatimo muli mabakiteriya omwe amadya zonyansazo koma samaliza zonse ayi, ndiye matope amangokwerabe chaka ndi chaka, ndipo akafika papaipi yotulukira amakamata miyala ya mu soak away, basi madzi osalowanso pansi.

Ndiye muziyeza, kamodzi pachaka, makamaka mu October mvula isanayambe. Tengani nsungwi yaitali, kumunsi kwake mukulunge thaulo lakale loyera ngati mita imodzi n'kumanga bwino. Vundukulani chipinda choyamba, bwererani m'mbuyo kaye mpweya utuluke, kenako lowetsani nsungwiyo mpaka igunde pansi, muisiye mphindi zingapo n'kuizula pang'onopang'ono. Pomwe pathera kuda kwenikweni pathaulopo ndi pomwe matope afika. Ngati atenga gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madziwo, itanani galimoto yopopa. Banja limodzi nthawi zambiri limapopetsa pakatha zaka 3 mpaka 5, koma alandilodi amene mwalumikiza nyumba zinayi kuthanki imodzi musawerengere zaka zimenezo, yanu imadzadza msanga.

Chonde chonde, munthu asalowemo, ngakhale foni itagweramo isiyeni. Muli mpweya wa methane ndi hydrogen sulphide, munthu amakomoka osakuwa n'komwe, ndipo wolowa kukamupulumutsa nayenso amatsalira momwemo. Fodya ndi machesi zikhale kutali. Mukamaliza tsekani, chivundikiro chosweka musinthe tsiku lomwelo chifukwa ana amasewera pomwepo.

Opopa akabwera imani pomwepo muziona. Ena amangokoka madzi apamwamba galimoto n'kudzadza, matope osawakhudza, inu n'kulipira. Auzeni avundule apope zipinda zonse ziwiri, angosiya matope pang'ono pansi kuti mabakiteriya ayambirenso, ndipo musatsukemo ndi mankhwala. Afunseninso komwe akukataya, ku Lilongwe kuli malo ake ku Kauma, osati mu mtsinje kapena m'dambo usiku. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, zotaya paliponsezi si zoseweretsa.

Mu toilet muzilowa zam'mimba ndi tishu basi. Mapampasi, mapadi, makondomu, nsanza, ma wipes, zonsezi siziwola, ikani kabini pambali. Mafuta okazingira chipisi musathire mu sinki, amakaundana m'mapaipi. Jik kapena Harpic pang'ono potsuka palibe vuto, koma kukhuthulira botolo lonse, asidi, penti kapena oilo wagalimoto kumapha mabakiteriya aja ndipo thanki imayamba kununkha n'kudzadza msanga.

Madzi ochuluka nawonso amaononga. Toilet yomwe imangotayikira usiku wonse ikonzeni, bilu ya Water Board itsikanso. Madzi a padenga asalowe m'thanki, dzinja likafika imasefukira ndi zonse zili mkati. Paipi yotulutsa mpweya wa m'thanki muyang'ane ngati sinatsekeke, pamwamba pake pakhale kasefa ka udzudzu ndi ntchentche.

Pamwamba pa thanki ndi soak away musaimikepo galimoto kapena kumangapo khichini, silabu imang'aluka. Mango ndi bulugama zibzalidwe patali, mizu yake imasaka madzi n'kulowa m'mapaipi, kapinga ndiye ali bwino. Mukaona kuti kapinga wa pa soak away wabiriwira kwambiri chilimwe chili mkati, kapena pansi pakunyowa ndi kununkha komwe, dziwani kuti yayamba kulephera, itanani opopa sabata yomweyo. Ndipo ngati mukufuna kukumba chitsime kapena mjigo papuloti, patalikirane ndi soak away mamita osachepera 30, chitsimecho chikhale chakumtunda, muyezenso ndi soak away ya aneba anu osati yanu yokha.