Mmene mungayendere mapiri ndi zilumba za paki ya ku Cape Maclear

Ambiri a ife a kuno ku Mangochi tikati tikupita ku Cape Maclear timatanthauza kukakhala pa mchenga, kudya kampango wootcha ndi kubwerako. Mapiri atazungulira mudzi wa Chembe aja timangowaona ngati mpanda. Koma mapiriwo ndiwo mbali yaikulu ya Lake Malawi National Park, paki imene boma linakhazikitsa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika mu 1984 m'gulu la malo oyenera kutetezedwa ndi dziko lonse. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 94, kuphatikiza mapiri a m'dera la Nankumba, zilumba 13 ndi madzi oyandikana nazo. Amene sanakwere phiri waona theka lokha la malowa. Ulendo wake ungayende motere.

Choyamba sankhani nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumakhala kozizira bwino, ndipo miyendo siilemera pokwera, kungoti ndi nthawi ya mwera, mphepo imene imatha kuvundula nyanja mpaka maboti osachoka pa doko. Okutobala ndi Novembala miyala imatentha moti simungaigwire masana. M'dzinja mapiri amabiriwira mokongola, koma njira zimaterera ndipo udzu umakwirira tinjira.

Kafikidwe kake sikovuta. Kwerani minibasi ya ku Monkey Bay pa Boma, mutsike pa mphambano ya ku Cape Maclear musanalowe m'tauniyo. Kuchokera pamenepo patsala makilomita pafupifupi 18, ndipo pamapezeka a kabaza a njinga zamoto komanso matola. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo muuzeni woyendetsayo kuti mukufuna kuima pa Mwala wa Mphini. Ndi chimwala chachikulu m'mphepete mwa msewu, chokhala ndi mizere yozama yopingasana ngati mphini zimene agogo athu ankatema kumaso. Akatswiri a miyala amati mizereyo inadza chifukwa cha kung'ambika ndi kuperepeseka kwa mwala pa zaka zambirimbiri, osati ndi dzanja la munthu. Ikani chala mu mzere umodzi mumve kuzama kwake, koma musalembepo dzina lanu kapena kugumulako kachidutswa.

Mukafika, pitani ku ofesi ya paki, kumadzulo kwa mudzi cha ku Golden Sands, mukalipire ndalama yolowera. Tengani chiphaso cha unzika, chifukwa Mmalawi amalipira yochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja. Sungani lisiti. Pomwepo funsani za munthu wokuperekezani wodziwika ndi a paki. Tinjira ta m'phirimo n'tambiri, tina n'ta otola nkhuni, tina n'ta nyama, ndipo kutayika n'kosavuta. Komanso ndalama imene mwam'patsa mnyamata wa ku Chembe ndi imene imam'patsa chifukwa choonera mtengo ngati chuma chili chiimire, m'malo mouona ngati thumba la makala.

Phiri likwereni m'mamawa, dzuwa lisanatuluke bwino. Valani nsapato zogwira pa mwala, osati masilipasi, ndipo nyamulani madzi osachepera malita awiri munthu mmodzi. Njira yodziwika imayambira pafupi ndi manda a amishoni. Imani kaye pamenepo. Mu 1875 gulu la amishoni a ku Scotland, m'menemo muli Dr Robert Laws, linafika pano pa sitima ya Ilala n'kutsegula mishoni ya Livingstonia. Malungo anawatha, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Dzina loti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi.

Kuchoka pamandapo njira imayamba kukwera pakati pa miyala ikuluikulu. Apa musathamange. M'munsi muli milambe, m'mwamba muli mitengo ya miombo, ndipo apo ndi apo mudzaona msetanyani, mtengo wa khungwa losalala loyererako, utamera pa mng'alu pamene simungaganize kuti pali dothi. Yang'anani pamwamba pa matanthwe: mbira zimakonda kuothera dzuwa la m'mawa pamenepo, ndipo mukachita mwayi mudzaona chinkhoma chitaima nji pa nsonga ya mwala. Anyani ndi apusi okha simungawaphonye. Musawapatse chakudya, ngakhale kanthochi kamodzi. Nyani wozolowera kupatsidwa amayamba kulanda, kenako amalowa m'minda ndi m'makhitchini a anthu a m'mudzi, ndipo ovutika ndi eni mudziwo inu mutapita kale. Samalaninso ndi chitedze m'tchire la m'mbali mwa njira. Wokuperekezani akati musagwire apo, mverani.

Mukafika pamwamba, khalani pansi muyang'ane. Mudzi wonse wa Chembe uli m'munsi, ndi matandala a usipa atandandalika m'mphepete mwa nyanja. Kutsogolo kuli chilumba cha Thumbi, kudzanja lamanja kuli Domwe, chimene chinalekana ndi mtunda ndi kampata kochepa kotchedwa Ilala Gap, ndipo patali kukayera bwino mumaona Mumbo. Onetsetsani mmene miyala imatsetserekera kuchoka pamene mwakhalapo mpaka kulowa m'madzi. Zilumbazo ndi mapiri omwewa, kungoti mapazi ake ali pansi pa nyanja.

Masana tsikirani kumadzi, ku Otter Point kapena pa boti kupita ku Thumbi. Musakwere boti lopanda majekete othandiza kuyandama, ngakhale mumadziwa kusambira. Bwerekani magalasi oonera pansi pa madzi ndipo mugone chafufumimba pafupi ndi miyala. Tinsomba tabuluu, tachikasu ndi tamizeremizere timene mudzaone tikukanda ndere pa miyala ndi mbuna. Mbuna sizikonda kuwoloka malo a mchenga kapena madzi akuya, choncho gulu lililonse limakhala pa miyala yake mibadwomibadwo mpaka kusiyana ndi anzake. N'chifukwa chake mitundu ina imapezeka pa chilumba chimodzi chokha padziko lonse. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka aswe, ndipo mukadekha mungaione ili ndi masaya otupa, itabisala pa mng'alu. Ena amaziponyera buledi kuti zisonkhane. Ine ndimati ayi, chakudya chake chili pa mwala pomwepo. Kumbukiraninso kuti kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo a paki n'koletsedwa.

Mapepala ndi mabotolo anu bwererani nawo kumtunda. Usiku gonani mu neti, chifukwa udzudzu umene unathamangitsa amishoni uja ulipobe. Ndipo popeza likodzo limapezeka m'madzi a kufupi ndi mudzi, mukabwerera kwanu pitani kuchipatala mukawauze kuti munasamba m'nyanja, akakuuzeni nthawi yoyenera kuyezetsa kapena kumwa mankhwala a praziquantel.