Kupanga Vinyo wa Mphesa za Haibulidi M'munda Waung'ono

Mphesa za haibulidi zinabadwa chifukwa cha vuto. M'zaka za m'ma 1860, tizilombo toononga mizu totchedwa phylloxera tinayamba kupha minda ya mpesa ku France, ndipo akatswiri monga Albert Seibel ndi François Baco anakwatitsa mpesa wa ku Ulaya, Vitis vinifera, ndi mitundu ya ku America yopirira tizilomboti. Ntchitoyi ikupitirirabe: University of Minnesota inatulutsa Frontenac mu 1996 ndi Marquette mu 2006, mitundu yosafa ndi chisanu choopsa. Mwini munda waung'ono amapindula chifukwa sapopera mankhwala kawirikawiri, koma pofulula ayenera kudziwa kuti mphesazi zili ndi khalidwe lawolake, makamaka asidi wochuluka, ndipo amene amazifulula ngati mphesa za ku Ulaya monga Cabernet Sauvignon amakhumudwa.

Kulimbana ndi asidi kumayambira m'munda. Chotsani masamba ena ozungulira matsango kuti dzuwa lizifika pa zipatso, ndipo musalole mpesa kusenza matsango ochuluka kuposa amene ungakhwimitse. Nthawi yokolola ikayandikira, musakhulupirire mtundu wa khungu, pakuti mphesa monga Frontenac zimada msanga zikadali zowawasa kwambiri. Thyolani mphesa zingapo m'mizere yosiyanasiyana, zifinyeni, kenaka yezani shuga, pH (muyeso wa mphamvu ya kuwawasa) ndi kuchuluka kwa asidi. Kwa vinyo wofiira, shuga akhale pakati pa 22 ndi 25 Brix, umene ndi muyeso wa shuga m'madzi a mphesa. Tafunaninso njere: yobiriwira imasonyeza kuti nthawi sinakwane, pamene yakhwima imakhala yoderako ndipo imaphwanyika pakati pa mano. Komabe si mitundu yonse yofuna kudikira, chifukwa Cayuga White, ya ku Cornell University, ikapsa mopitirira imayamba fungo lamphamvu la mphesa zakutchire, choncho imakololedwa msanga.

Mukaphwanya mphesa, thirani potassium metabisulfite (mankhwala a sulfite oteteza vinyo kuti asaonongeke) pang'ono, dikirani pafupifupi tsiku limodzi, ndiyeno ikani yisiti. Ambiri amasankha yisiti yotchedwa Lalvin 71B chifukwa imadya gawo la malic acid, mtundu wina wa asidi wa mumphesa, pamene vinyo akuwira. Zoyera zifinyidwe nthawi yomweyo ndi kuwira pamalo ozizira, madigiri Celsius 12 mpaka 16, kuti fungo la zipatso lisathawe. Zofiira ziwire pamodzi ndi makungu ake pa madigiri 24 mpaka 28, ndipo kawiri pa tsiku muzimiza makungu amene amayandama pamwamba ngati chivundikiro chokhuthala, chifukwa akauma vinyo angasanduke viniga.

Kuwira kukatha, vinyo wofiira apatsidwe mabakiteriya a malolactic, amene amasandutsa malic acid wobaya lilime kukhala lactic acid wofewa. Kwa ine, ichi si chinthu choti munthu angadumphe pa haibulidi wofiira. Ngati kuwawasa kukadalipo, potassium bicarbonate amathandiza, koma yesani kaye mu kapu imodzi musanathire mumgolo wonse, popeza akachuluka amakweza pH ndipo vinyo amaonongeka msanga. Kuika vinyo pozizira kwambiri kwa milungu iwiri kapena itatu kumagwetsanso asidi wina, ndipo mudzaona timiyala tonyezimira ngati mchere pansi pa chotengera. Pa vinyo woyera monga wa Vidal Blanc, njira yabwino nthawi zambiri ndiyo kusiyamo shuga pang'ono woti alimbane ndi asidiyo, bola mumusefe bwino ndi kuthira potassium sorbate kuti asayambirenso kuwira m'botolo.

Vuto lina la haibulidi wofiira n'lakuti ngakhale mtundu wake ukhale wakuda bii, mkamwa amamveka wopepuka, chifukwa tanini, amene amachititsa kuti vinyo agwire m'nkhama, ndi wochepa ndipo wambiri amamatirira ku mapuloteni a mumphesamo. Kusiya makungu masiku ambiri sikuthandiza kwenikweni. Ndi bwino kuthira tanini wogula vinyo atafinyidwa kale, kapena kumusunga ndi tizidutswa ta mtengo wa oak, mwinanso kusakaniza mitundu iwiri mutayesa m'makapu.

Pomusunga, muzimutsanulira m'chotengera china kusiya nsenga pansi, ndipo chotengeracho chidzaze mpaka m'khosi kuti mpweya usalowe. Yezani sulfite miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Woyera angalowe m'mabotolo pakatha miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, koma wofiira mumupatse chaka.