Maprobayotiki a agalu: nthawi yomwe amathandiza ndi nthawi yomwe mukungotaya nthawi

Anzanga oweta agalu, masiku ano timapaketi ndi timabotolo ta maprobayotiki tachuluka zedi, ena a ufa, ena a makapisozi, ena otafuna ngati maswiti, nde anthu ambiri amafunsa kuti kodi zimenezi zimagwiradi ntchito kapena angofuna kutidyera ndalama basi. Ine ndimati zimagwira, koma pa mavuto ochepa okha, komanso pokhapokha mwagula zenizeni ndipo tizilomboto tafika mmatumbo mwa galu tili moyo.

Mmatumbo mwa galu wathanzi mumakhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, makamaka mmatumbo aakulu aja, ndipo tambiri mwa ito si ta matenda ayi. Timagaya zotsalira za chakudya zomwe galuyo payekha sangagaye, nkupanga zinthu zomwe zimadyetsa khoma la matumbo, komanso timalanda malo ndi chakudya kuti tizilombo toyipa tisachuluke. Zili ngati mmunda, pomwe mbewu zadzadza bwino udzu umavutika kumera koma pakangokhala pambalambanda udzu ndi umene umayamba kutuluka. Probayotiki nde ndi tizilombo tabwino tamoyo tomwe timampatsa galu kuti tikathandize pamene tabwino take tachepa. Mabungwe a United Nations oona za chakudya (FAO) ndi zaumoyo (WHO) mu 2001 anamasulira kuti ndi tizilombo tamoyo tomwe tikaperekedwa mokwanira timapindulitsa thupi, nde muone mawu awiriwo, tamoyo komanso mokwanira, nkhani yonse yagona pamenepo.

Pomwe amathandiza kwambiri ndi kutsekula mmimba kwa mwadzidzidzi kosaopsa kuja, galu watola zonyansa kudzala, kapena mwamusinthira chakudya lero ndi lero, kapena wayenda ulendo wautali, wasamukira pakhomo pachilendo, mtima suli mmalo nde mimba yasokonekera. Galuyo akudya, akumwa madzi, akugwedeza mchira, kungoti chimbudzi ndi chamadzi. Kafukufuku wina wa mu 2009 anayesa bakiteriya wotchedwa Bifidobacterium animalis AHC7 pa agalu otsekula chonchi, omwe anapatsidwa anachira pa masiku pafupifupi 4 pamene omwe sanapatsidwe zinawatengera masiku pafupifupi 7. Si zozizwitsa ayi, koma amene anakolopako pakhonde mmawa uliwonse akudziwa kuti masiku atatu si ochepa.

Kwina ndi pamene galu akumwa maantibayotiki kapena wangomaliza kumene. Mankhwala amenewa sasankha, amapha oyipa ndi abwino omwe. Pali mankhwala ena otchedwa metronidazole omwe anthu amakonda kuthamangira galu akangotsekula, koma akatswiri a ku Texas A&M University anapeza kuti olo galu wabwinobwino akamwa, tizilombo ta mmatumbo mwake timakhala tisanabwerere mchimake patatha masabata 4 atasiya kumwa. Nde chizolowezi chomangopatsa galu mapilitsi otsala mnyumba chifukwa watsekula kawiri, chonde tisiye, nthawi zambiri mukuwonjezera vuto lomwe mukufuna kuthetsa. Ngati dokotala wa ziweto walembadi antibayotiki, perekani probayotiki patapita maola awiri kapena kuposa, osati limodzi, apo ayi mankhwalawo angopha tizilombo mwagula tija tisanagwire ntchito. Probayotiki wotchedwa Saccharomyces boulardii alibe vuto limeneli chifukwa iye ndi yisiti si bakiteriya, maantibayotiki opha mabakiteriya samukhudza.

Tsopano apa nde ndikufuna mumvetsetse. Kagalu kakang'ono kosabayitsa katemera kakayamba kusanza, kukana kudya, kugona khofo, chimbudzi chamagazi chonunkha moipa, amenewo akhoza kukhala matenda a vayirasi otchedwa parvo ndipo amapha msanga, masiku ochepa chabe. Palibe probayotiki amene angapulumutse kagalu kameneko, kakufunika dokotala lero lomwe, drip ndi mankhwala oletsa kusanza. Chitetezo chake ndi katemera, kuyambira kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8 nkumabwereza mpaka kafike masabata 16. Chimodzimodzi njoka za mmimba, zija zoyamwa magazi ndi zozungulira zija, kapenanso kachilombo ka mmatumbo kotchedwa Giardia, zimenezi zili ndi mankhwala akeake ndipo ana agalu timayamba kuwamwetsa mankhwala a njoka ali ndi masabata awiri. Anthu ena amatha mwezi wathunthu akuthira ufa wa probayotiki pachakudya, galu akuwondabe nthiti kuwerengeka, kumachita kudabwa, chonsecho vuto ndi njoka zomwe zikanatha ndi piritsi loyenera.

Galu wamkulu naye pali zizindikiro zoti musadikire nazo. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, magazi ambiri, kusanza kosalekeza, mimba yotupa yolimba, kufooka, kapena kutsekula kwapitirira masiku awiri osasintha. Mukhozanso kuona nokha ngati madzi akutha mthupi, tsegulani mlomo mukhudze nkhama ndi chala, zikakhala zouma zomata nde kuti zinthu sizili bwino, kapena tsinani khungu la pamsana mulikweze nkulisiya, likamachedwa kubwerera pitani naye kuchipatala. Galu wodwalika kwambiri kapena amene chitetezo cha mthupi chatsika, monga yemwe akulandira mankhwala a khansa, musampatse probayotiki musanafunse dokotala, paja ndi tizilombo tamoyo timeneti.

Pogula nde pamafunika maso. Kwambiri zinthu zimenezi zimagulitsidwa ngati zowonjezera pa chakudya osati ngati mankhwala, nde sizidutsa mmayeso okhwima omwe mankhwala amadutsamo. Mu 2011 a J. Scott Weese a ku University of Guelph ku Canada ndi mnzawo anayesa mitundu 25 ya maprobayotiki a ziweto, ndipo iwiri yokha ndi imene inali ndi lebo yolondola komanso tizilombo tamoyo tokwana momwe analembera. Ena analemba mayina a mabakiteriya molakwika kumene, tangoganizani wopanga kulephera kulemba dzina la chinthu chomwe akugulitsa. Nde mukatenga paketi tembenuzani muwerenge kumbuyo. Pazikhala dzina lonse la kachilomboko mpaka kanambala kapena timalembo ta kumapeto, monga Enterococcus faecium SF68, chifukwa mabakiteriya a dzina lofanana amasiyana mphamvu kutengera mtundu wake weniweni, ndipo kafukufuku amachitika pa mtundu umodzi osati banja lonse. Paketi yongoti muli mabakiteriya abwino osatchula kuti ati, ibwezeni pashelefu.

Kenako onani nambala ya CFU, imeneyi ndi yomwe imakuuzani kuchuluka kwa tizilombo tamoyo. Mulingo womwe madokotala ambiri amatchula kwa galu ndi pakati pa 1 biliyoni ndi 10 biliyoni patsiku, ngakhale pali mitundu ina yoyesedwa bwino yomwe imaperekedwa yocheperapo, nde nambala yayikulu payokha si umboni woti chinthucho ndi chabwino. Chofunika ndi chakuti nambalayo ikhale yolonjezedwa mpaka tsiku lotha ntchito osati tsiku lomwe anapanga kufakitale, chifukwa tizilombo timafa pang'onopang'ono tili mpaketi momwemo.

Ndipo ambiri timatipha tokha kunyumba osadziwa. Kutentha ndi chinyezi ndiye adani ake. Botolo mwalisiya pawindo dzuwa likuomba tsiku lonse, kapena mgalimoto yotseka magalasi, kapena mwathira ufawo mchakudya chotentha chochoka pamoto pompano, basi mwampatsa galu ufa wakufa. Dikirani chakudya chizizire kaye, thirani, sakanizani, adye nthawi yomweyo. Olembedwa kuti asungidwe mfiriji asungidwedi mfiriji, ndipo ngati mulibe firiji kapena magetsi ndi osadalirika sankhani a mtundu wa Bacillus, monga Bacillus coagulans kapena Bacillus subtilis, amenewa amakhala mkachikopa kolimba nde amapirira kutentha komanso asidi wa mchifu.

Ena amati bwanji osangompatsa yogati. Supuni imodzi kapena ziwiri ya yogati wopanda shuga sivulaza agalu ambiri, koma musayembekezere zambiri, mabakiteriya ake ndi ochepa poyerekeza ndi zomwe tatchulazi ndipo agalu ambiri akakula sagaya bwino shuga wa mumkaka nde pena kutsekula kumangowonjezeka. Choopsa zedi ndi yogati kapena maprobayotiki otafuna a anthu omwe anatsekemeretsa ndi xylitol, ameneyu kwa galu ndi poizoni, amagwetsa shuga wa mmagazi mofulumira ndipo akhoza kuwononga chiwindi. Mukaona dzina limeneli pa lebo musayerekeze olo pang'ono.

Kaperekedwe kake sikovuta, tsatirani mulingo wa papaketi kutengera kulemera kwa galu, kamodzi patsiku nthawi zambiri, ndipo masiku oyamba ena amatulutsa mpweya kwambiri kapena mimba kulira, zimenezo zimatha zokha. Ngati mukudziwa kuti kukubwera ulendo kapena galu akukasungidwa kwina, yambani masiku angapo zisanachitike. Tizilombo timeneti sitikhazikika mmatumbo, mukasiya kupereka timatha pakapita masiku, nde kwa galu wa vuto la mmimba lokhalitsa dokotala akhoza kunena kuti azimwa miyezi, koma galu wathanzi wochita chimbudzi chogwirana bwino sindiona chifukwa chomugulira mwezi ndi mwezi. Pomwe akutsekula madzi oyera asasowe pafupi, chakudya chikhale chopepuka chopanda mafuta, pang'onopang'ono kangapo patsiku, ndipo mukafuna kumusinthira chakudya chatsopano muzisakaniza ndi chakale kwa sabata imodzi, tsiku lililonse kuwonjezera chatsopano nkumachepetsa chakale mpaka azolowere.