Momwe mungajambulire maloto pa chitsulo: etching ndi aquatint

Pa chithunzi cha nambala 43 mwa zithunzi 80 za Los Caprichos zimene mmisiri wojambula wa ku Spain, Francisco Goya, anatulutsa mu 1799, munthu wagona atatsamira tebulo, akadzidzi ndi mileme zikumuzungulira. Chimene chimachititsa nthumanzi pamenepo ndi mdima wambuu wonga utsi umene zilombozo zikutulukamo. Mizere ya chithunzi chotere imapangidwa ndi etching, njira yodyetsa chitsulo ndi mankhwala kuti chigwire inki yosindikizira papepala. Mdima wotere umapangidwa ndi aquatint, njira yodyetsa chitsulocho chitawazidwa fumbi la utomoni, ndipo ndi womwewo umene Cyprian Shilakoe wa ku South Africa, yemwe anaphunzira pa sukulu ya zojambulajambula ya ku Rorke's Drift, ankamiziramo anthu ake ooneka ngati mizimu.

Pezani kachitsulo kaphanthi ka zinc, kokhuthala milimita imodzi kapena kuposerapo, kakakulu ngati chikhatho. Ogulitsa ena adzakupatsani chidutswa cha malata n'kumati ndi zinc yemweyo. Musalole, malata ndi chitsulo wamba chongokutidwa zinc pamwamba. Palani m'mphepete ndi tupa kuti kasadzang'ambe mabulangete a makina osindikizira, kenako tsukani mafuta ndi ufa wa choko wosakaniza ndi viniga mpaka madzi aziyenderera osapanga timadontho.

Chitsulo chili chofunda, pakani ground, phula lija lotchinga mankhwala, ndipo kumbuyo matani tepi. Jambulani ndi singano mongokanda phulalo, osakumba chitsulo. Chithunzi chidzatuluka chotembenuka ngati pagalasi. Loto limagwira mtima chinthu chilichonse chikajambulidwa ngati chenicheni koma chili pamalo posayenera: nsomba itagona pa nthambi, kapena masitepe osafika kulikonse ngati a m'ndende zimene mmisiri wa ku Italy, Piranesi, anajambula.

Mankhwala odya chitsulo sakanizani m'beseni lapulasitiki: magalamu 100 a copper sulphate, magalamu 100 a mchere, lita imodzi ya madzi ofunda. Ndi otsika mtengo kuposa nitric acid ndipo satulutsa mpweya wotsamwitsa, komabe valani magolovesi. M'masitolo a zaulimi mungapatsidwe copper oxychloride, ufa wobiriwira wopopera mbewu. Umenewo ayi, inu mukufuna copper sulphate, timibulu tabuluu tonga shuga. Viikani chitsulo pafupifupi mphindi 10, mukusesa ndi nthenga ya nkhuku matope ofiira amene amaunjikana m'mizere.

Pa aquatint ndi pamene ntchito imawonongekera. Chotsani ground, tsukaninso mafuta bwinobwino, chifukwa pamene chala chinakhudza utomoni sugwira. Ikani ufa wa utomoni wa rosin m'kansalu kolimba kopinda kawiri, phimbani mphuno ndi pakamwa, ndipo gogodani kansaluko m'mwamba kuti fumbi ligwe ngati mvula yowaza. Likute theka la nkhope ya chitsulo, theka lina chitsulo chizionekera. Likachuluka, mankhwala sapeza polowera ndipo mdima umatuluka wotuwa. Likachepa, timibulu timadyedwa pansi n'kugwa, pamatsala dzenje losalala losagwira inki, ndiye pamene mumafuna usiku wandiweyani pamatuluka phulusa.

Tenthetsani chitsulo chapansi ndi moto wochepa, mukuuyendetsa. Maso akhale pa fumbilo: likangosiya kuyera n'kuyamba kunyezimira ngati mame, chotsani moto pomwepo. Mukachedwa pang'ono chabe timibulu timasungunuka n'kulumikizana kukhala chikhungu chimodzi, ndipo palibenso chochita koma kutsuka n'kuyambiranso. Njira yachidule ndi penti wopopera wa m'chitini, wowazidwa muli chapatali; amagwira ntchito, ngakhale mdima wake sufewa ngati wa utomoni.

Tsopano tchingani ndi vanishi pamene payenera kukhala poyera, monga mwezi kapena maso a kadzidzi. Viikani masekondi 30, tsukani, umitsani, tchingani mbali zotuwa pang'ono. Bwerezani kwa mphindi imodzi, ziwiri, zinayi, mpaka patsale poti padetsetse. Yambani mwayesa nthawizi pa kachidutswa kapadera, chifukwa mankhwala atsopano amadya msanga kuposa ogwiritsidwa kale. Kuti chilombo chioneke ngati chikusungunuka mumdima, tsukani chitsulo n'kukhutiza m'mphepete mwa chilombocho ndi burnisher, kachitsulo kosalazira, yopaka dontho la mafuta.

Kusindikiza: tsukani vanishi ndi utomoni, kanikizirani inki m'mizere, pukutani ndi nsalu ya tarlatan, yolimbirapo yonga neti, malizani ndi chikhatho. Pepala la thonje lolemera magalamu 250 pa sikweya mita linyowetseni, lichotseni madzi apamwamba, liikeni pamwamba pa chitsulo, ndipo dutsitsani pa makina. Supuni siingakwanitse, pamafunika makina a etching enieni. Mankhwala otsala musathire mu ngalande, amapha nsomba.