Momwe mungamangire nyumba yoti mudzathe kuimasula n'kukaimanganso kwina

Madzi osefukira akasamutsa banja ku Nsanje kapena ku Chikwawa, limachoka ndi zitseko ndi malata obookabooka basi. Khoma lomwe linadya ndalama za zaka zambiri limatsala zibuma. Nthawi zambiri njerwa ndi matabwa zimakhala zikadali zabwino, chomwe chimaziwononga ndi momwe tinazilumikizira. Nyumba ya zitsulo ndi magalasi ya Crystal Palace inamangidwa ku Hyde Park mumzinda wa London mu 1851, anaimasula, ndipo mu 1854 inatsegulidwanso ku Sydenham, kummwera kwa mzindawo. Zinatheka chifukwa Joseph Paxton, yemwe anajambula pulani yake, anaikonza ndi zidutswa za muyeso wofanana. Nafenso tingatero pa nyumba ya zipinda zitatu.

Yambani ndi pulani. Musanakumbe maziko, funsani kutalika kwa malata, matabwa ndi mafelemu omwe amagulitsidwa kwanuko, kenako zipinda zitsate miyeso imeneyo. Thabwa losadula lidzagwira ntchito paliponse, pomwe lodulidwadulidwa limathera pamoto.

Kachiwiri, ndipo apa ndiye pagona nkhani, gwirizanani ndi mmisiri za polumikizira. Msomali wa mainchesi anayi ukalowa m'phaso la bulugamu, potuluka umang'amba thabwa. Uzani kalipentala aboole ndi kumanga ndi mabawuti, ndipo mitu yake ikhale poonekera, pomwe sipanala ingafike. Malata amangidwe ndi masikuluu okhala ndi kamphira kotchinga madzi. Pazitsulo pewani kuwotcherera, pamatabwa pewani guluu. Amisiri ena adzadandaula kuti ntchito ikuchedwa ndipo mtengo ukwera pang'ono. N'zoona, koma musagonje, chifukwa denga lotere anthu awiri amalitsitsa osathyola kanthu.

Kachitatu, khoma. Matope a simenti yambiri amalimba kuposa njerwa yomwe, ndiye mukamenya ndi hamala imasweka ndi njerwa, simenti n'kutsala itamatirira. Matope a laimu kapena dothi amachoka pongopala ndi chikwanje. Njerwa zolowana zadothi losakaniza simenti pang'ono, zopanikiza pamakina osawotcha, zimasanjika popanda matope ambiri, komanso sizitha mitengo. Kumbukirani kuti kuyambira 2018 malamulo a dziko lino amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda. Simenti isungireni maziko ndi mizere yapansi pomwe pamafika chinyontho, ndipo denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma.

Mawaya a magetsi ndi mapaipi a madzi musawakwirire m'pulasitala. Adutse pamwamba pa khoma m'timapaipi tapulasitiki kapena kudenga. Mafelemu a zitseko ndi mawindo agwidwe ndi masikuluu.

Pomaliza lembani zonse. Nyumba ya khonsolo ya Brummen ku Netherlands, yomwe inatha mu 2013, inamangidwa kuti idzamasulidwe, ndipo zipangizo zake zinalembedwa kuti zidzadziwike pozigwiritsanso ntchito. Kwa inu kope la sukulu ndi foni n'zokwanira. Phaso lililonse lilembeni nambala ndi penti, jambulani polumikizira ponse siling'i isanatseke, ndipo kopelo lisungidwe limodzi ndi mapepala a malo. Chaka chilichonse mvula isanayambe, kwerani mukaone ngati chiswe chalowa m'matabwa, mupake girizi mabawuti kuti dzimbiri lisawagwire.