Mmene Mungapitirizire Ntchito za M'dimba ndi Pakhomo Muli ndi Dzanzi la Mitsempha

Matenda a neuropathy amawononga mitsempha imene imanyamula uthenga pakati pa ubongo ndi manja kapena mapazi, ndipo kawirikawiri amayambira ku zala za kumapazi monga dzanzi, kutentha kapena kubaya ngati singano. Nthawi zambiri amadza chifukwa cha shuga, ngakhale kuti kuperewera kwa vitamini B12, uchidakwa, HIV ndi mankhwala ena a khansa kapena a TB nazonso zimawayambitsa. Amene ali ndi vutoli sayenera kutaya khasu, pakuti ntchito yogwira mosapitirira muyeso imalimbitsa miyendo ndiponso imathandiza kuti shuga asakwere. Chimene chasintha n'chakuti ululu umene kale unkachenjeza munthu sukumvekanso bwino, choncho udindo wochenjezawo muupereke kwa maso ndi wotchi.

Yambirani kumapazi, chifukwa ngozi yaikulu ili kumeneko. Musalowe m'dimba opanda nsapato kapena mutavala zoonetsa zala, ngakhale mukungopita kukathirira bedi limodzi. Valani nsapato zotseka, za pansi polimba ndiponso zosathina, pamodzi ndi sokosi zouma, ndipo musanavale muzigwedeze n'kuyang'anamo, popeza kamwala kangathe kukhala pansi pa chidendene m'mawa wonse osamveka, n'kusiya chilonda. Jombo zimateteza ku matope koma zimasunga thukuta, motero sokosi zikanyowa muzisinthe msanga.

Mukaweruka, sambani mapazi ndi madzi ofunda amene mwayamba mwawayesa ndi chigongono, muwapukute bwino makamaka pakati pa zala, kenako muwayang'ane pamalo owala. Kupansi kwa phazi muzikuonera pagalasi kapena mupemphe wina akuonereni, ndipo muzifufuza matuza, ming'alu, minga kapena malo ofiira. Pa malangizo onse a m'nkhani ino, ili ndilo losayenera kudumphidwa ngakhale tsiku limodzi. Bala limene likutupa, likutuluka mafinya kapena silikupola, makamaka kwa wodwala shuga, n'lofunika kupita nalo kuchipatala mosazengereza, ngakhale lisakupweteka. Funsaninso za katemera wa kafumbata, pakuti tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'manyowa.

Manja a dzanzi amafinya chida mopitirira muyeso chifukwa samva kuti achigwira. Kulungani mipini ndi nsalu kapena labala kuti inenepe, valani magolovesi okukwanani bwino, ndipo podulira nthambi maso akhale pa zala za dzanja limene lagwira nthambiyo. Makina onjenjemera, monga otchetchera udzu, amawonjezera dzanzi, choncho muziwagwiritsa ntchito kanthawi kochepa. Madzi amene atsalira m'paipi yokhalitsa padzuwa amatentha kwambiri, ndiye muziwataya kaye musanasambe m'manja. Mankhwala ena ophera tizilombo toononga mbewu amawononganso mitsempha, motero asakhudze khungu.

Dimba lenilenilo likonzedwe molingana ndi thupi lanu. Mabedi okwera amachepetsa kuwerama, ndipo akakhala osapitirira mita 1.2 m'lifupi mumafika pakati pake kuchokera mbali zonse osapondamo. Njira zikhale zosalala, zopanda zitsa, mipaipi kapena zida zongotayidwa, chifukwa phazi losamva nthaka limapunthwa pa kanthu kakang'ono. Ntchito ya pamakwerero musiyire wina, ndipo pamenepa palibe chochititsa manyazi. Popalira kapena powokera mbande, khalani pa kampando kafupi m'malo monyonyomala nthawi yaitali, popeza kunyonyomala kumapanikiza mtsempha wodutsa kunja kwa bondo, zimene zingafooketse phazi.

Gwirani ntchito kunja kukuwala bwino koma dzuwa lisanawombe, pakuti mumdima maso sangathandize miyendo kuima mowongoka. Tcherani wotchi kuti ikukumbutseni kupuma pakatha mphindi 20 kapena 30, musinthe ntchito ndi kumwa madzi, ndipo podzuka muziimirira pang'onopang'ono mutagwirira chinthu cholimba, chifukwa matendawa amachititsa ena chizungulire. Amene amabaya insulini kapena kumwa mankhwala ena otsitsa shuga atenge m'thumba foni pamodzi ndi kanthu kotsekemera koti adye ngati shuga wa m'magazi watsika kwambiri, ndipo auze wina wa pakhomo kumene ali. Ngati dzanzi likukwera msanga m'miyendo, phazi layamba kukhwekhwereza pansi kapena mwayamba kugwaigwa, imitsani kaye ntchito mpaka dokotala akuoneni.