Kukoka mafayilo ambiri pa seva kamodzi, osati limodzilimodzi

Ngati pa seva pali mafayilo 300, kaya ma backup kaya zithunzi za kuntchito, musadzivutitse kudawuniloda limodzilimodzi ndi mausi, terminal (windo yolembamo malamulo a kompyuta) imamaliza zimenezi ndi mzere umodzi basi. Mukhale ndi dzina lanu la pa seva, pasiwedi kapena SSH key (SSH ndi njira yotetezeka yolowera pa seva muli kutali, key yake imalowa m'malo mwa pasiwedi), ndi adilesi ya sevayo.

Ambiri amayamba ndi scp, lamulo lokopera mafayilo kudzera pa SSH, poti imabwera kale ndi pulogalamu ya OpenSSH, ngakhale mu Windows 10 ilimo kuyambira 2018:

scp -r dzina@seva.example.com:/var/www/zithunzi ./

./ ndi foda yomwe mulimo pa kompyuta yanu, -r uja ndi wotenga foda yonse ndi zam'kati mwake. Mukafuna ma PDF okha lembani chonchi, ma quotes musawaiwale:

scp "dzina@seva.example.com:malipoti/*.pdf" ./

popanda ma quotes shell yanu, pulogalamu yomwe imawerenga malamulo mu terminal, imayamba kusakasaka *.pdf pa kompyuta yanu yomweyo, ndipo zsh, shell ya pa Mac, ingokuuzani kuti no matches found. Seva ikakhala pa port ina (nambala ya khomo lolowera pa seva), scp imafuna -P wamkulu, pomwe ssh imafuna -p wamng'ono, zosokoneza ndithu koma ndi momwe anazipangira.

Koma ine scp sindiyikhulupirira pa zinthu zazikulu. Netiweki ikaduka fayilo ya 2GB ili pa 90% kapena magetsi akangothima rauta nkuzima, muyambanso pa ziro, bandulo yapita pachabe. Apa ndi pomwe rsync imaposa:

rsync -avP dzina@seva.example.com:/var/www/zithunzi/ ./zithunzi/

-a amasunga madeti ndi ma permission, -v amakuonetsani zomwe zikuchitika, -P amasunga kachidutswa ka fayilo komwe kafika kale nkumaonetsanso kuti yafika pati. Ikaduka ingodinani muvi wa m'mwamba ndi Enter kuti lamulo lomwelo libwerezedwe, zomwe zinabwera kale izidumpha nkupitiriza zotsalazo. Chenjerani ndi / wa kumapeto uja, anthu amagwa naye kwambiri: zithunzi/ ndiye kuti zam'kati mwa foda, zithunzi yopanda / ndiye kuti foda yeniyeniyo, mupeza zithunzi mkati mwa zithunzi inanso. Mukakayika onjezani -n kaye, ikuonetsani zomwe ikanakopa osakopa kanthu. Port ina ndi -e "ssh -p 2222". Za -z amati imapanikiza data, zoona, pa ma log ndi ma SQL imathandizadi koma pa JPG, MP4 kapena zip palibe chomwe mupindule, zinapanikizidwa kale. Komanso rsync iyenera kukhalapo mbali zonse ziwiri, kwanu ndi ku seva, apo ayi muona command not found.

Ngati mulibe SSH koma muli ndi ma linki okha, aikeni mu fayilo imodzi, linki iliyonse mzere wakewake, kenako:

wget -c -i malinki.txt

-c ndi wopitiriza pomwe inadukira, bola seva ikulola. Mayina akakhala otsatana manambala curl ndi yachidule: curl -O "https://example.com/gawo[1-40].mp3"

Timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timachedwetsa kuposa fayilo imodzi yaikulu, makamaka pa scp poti kalikonse kamatumizidwa pakokha. Lowani pa seva, timangeni pamodzi ndi tar czf zonse.tar.gz foda/ mukoke imodziyo ndi rsync, ikafika pangani sha256sum zonse.tar.gz kwanu ndi ku seva, zomwe zituluke zikafanana fayilo yafika yathunthu, mutha kuyimasula ndi tar xzf.